Maliro Opanda Siwa: Galu m'Mafilimu ndi Pakhomo Pathu

Nkhani yokambidwa pamaso pa achinyamata a zisudzo ndi mafilimu, aphunzitsi ndi makolo a m'maboma a Machinga ndi Balaka



Ndikudziwa kuti ena mwa inu mutamva mutu wa nkhani ya lero munaseka chamumtima. Munthu wamkulu ndithu kuvala jekete, kukwera minibasi, kudzasonkhanitsa anthu kuti amve za galu? Chimanga chakwera mtengo, feteleza sakugwirika, ana akusowa fizi, ndiye tikhale pansi kumakamba za Bruno ndi Taiga? Funsolo ndi lomveka ndipo sindikulinyoza. Koma mundipirire pang'ono. Galu wa m'filimu kawirikawiri sabwera kudzakamba za agalu. Amabwera kudzasenza chisoni chimene anthu a m'banjamo alephera kuchitchula ndi pakamwa. Ife kuno tili nacho chisoni cha mtundu umenewo, chathuchathu, chosiyana ndi cha azungu, koma mafilimu athu sanachikhudzebe.

Tiyambe ndi filimu imene anyamata ambiri muno anaionera kale, kaya m'kachisakasa ka vidiyo kuseri kwa msika wa Liwonde, kaya pa foni atakuikirani mu memore. Ndikunena John Wick ya 2014, ya Keanu Reeves. Mukafunsa mnyamata aliyense kuti nkhondo yonse ija inayamba bwanji, ayankha mosachedwa kuti anamuphera galu mwini filimu. Ndipo m'chisakasamo anthu amafa nacho chiseko: mitembo yonseyi chifukwa cha kagalu? Koma onetsetsani koyambirira kwake. Mkazi wa John, Helen, wamwalira atadwala. Maliro ataikidwa, pakhomo pafika katundu: kamwana ka galu kotchedwa Daisy, pamodzi ndi kalata imene mkaziyo analemba asanatsirizike, podziwa kuti mwamuna wake adzasowa womusamala ndi womusamalira. Kumanda kuja John anauma m'maso. Misozi inatuluka atawerenga kalatayo. Choncho zigawenga zija zitathyola nyumba n'kupha kagaluko, zinapha chinthu chotsiriza chimene malemu anamusiyira. Anthu analipira khomo kuti adzaone ndewu, koma anaonetsedwa maliro a mkazi osazindikira.

Amachita bwanji zimenezi? Galu sadziwa kuti ali m'filimu. Akamayang'ana m'mwamba ndi maso achisoni aja, nthawi zambiri akuyang'ana kanyama kali m'dzanja la womuphunzitsa amene waima kuseri kwa kamera. Chisonicho timaikamo ndife oonera. Cha m'ma 1920, Lev Kuleshov wa ku Russia anatenga nkhope imodzi ya munthu wosewera, yosaonetsa kalikonse, n'kuilumikiza ndi zithunzi zitatu: mbale ya chakudya, mwana ali m'bokosi la maliro, ndi mkazi atagona pa mpando. Oonera anayamikira wosewerayo kuti waonetsa bwino njala, kenaka chisoni, kenaka chilakolako, chonsecho nkhope inali imodzimodzi. Inu amene mumalumikiza zithunzi pa laputopu, phunziro lake ndi limenelo: tanthauzo la chithunzi limachokera ku chimene mwaika patsogolo ndi pambuyo pake. Nkhope ya galu ndi yabwino kwambiri pa ntchito imeneyi chifukwa siyankhula. Mu 2019 Juliane Kaminski ndi anzake a ku University of Portsmouth anaonetsanso kuti agalu ali ndi kamnofu kokweza nsidze cha pafupi ndi mphuno, kamene mimbulu ya m'maiko ozizira, makolo a galu, ilibe kwenikweni. Kamnofu kameneko ndi kamene kamakuchititsani kunyema nsima mukudya, n'kuponya, inu mutalumbira kale kuti lero sapatsidwa.

Filimu imene azungu ambiri amaitchula akamakamba za galu ndi banja ndi Marley & Me ya 2008, yochokera m'buku la mtolankhani John Grogan la 2005. Marley ndi galu wosamva. Amang'amba mipando, amameza mkanda wa mkazi wa m'nyumbamo, amachititsa manyazi paliponse. Anamutenga banja likungoyamba, ndipo amakalamba ana akukula. Pomaliza dokotala wa ziweto amamubaya jekeseni yomugonetsa kosadzukanso, banja n'kumuika m'manda kuseri kwa nyumba, ana ataponyamo timakalata. Ambiri amalira pamenepo. Kwa ine malo amphamvu ali pakati. Mkazi uja wapita padera mimba yake yoyamba. Abwera kuchokera kuchipatala, mwamuna akusowa chonena. Galu uja, amene sanakhalepo chete chibadwire, afika n'kuika mutu pamiyendo pake, osagwedezeka. Mkaziyo ndi pamene amaphulika kulira.

Amayi muli muno mukudziwa bwino kuposa ine mmene timachitira ndi mtayo. Amakaika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kwaya, popanda kulira mokweza. Mayi amabwerera kunyumba, mawa lake anthu akuyembekeza kuti apite kumjigo ngati palibe chachitika. Filimu ya ku Florida yakhudza bala limene lilinso ku Nsanama, ndipo yalikhudza kudzera mwa galu, chifukwa galu safunsa mafunso ndipo sanena kuti limbani mtima, mudzabereka wina.

Koma tisanamizane, moyo wa Marley si moyo wa galu wathu. Galu wa lokolo salowa m'chipinda. Amagona pakhonde, kapena paphulusa kukhitchini kukazizira mu Juni. Amadya mkute, makoko a mumphika, nsima ya madeya ikapezeka, ndi mafupa a usipa ngati mphaka sanamutsogolere. Ali pa ntchito: amalonda khola la mbuzi usiku fisi akamazungulira, amathamangitsa anyani m'minda ya m'tsinde mwa mapiri a Chikala, amapita ndi anyamata kukasaka akalulu tchire likapsa, amaperekeza agogo kumunda n'kukagona pansi pa mtengo wa mango mpaka aweruke. Sitimupsompsona. Mawu amene amamva kawirikawiri ndi akuti “Choka!” kapena “Fotseki!” Tikafuna kutukwana munthu timamutcha galu. Akuluakulu ena amamupatsa dzina loti amve ndi woyandikana naye, monga Kaduka kapena Tilekeni, kuti akamamuitana madzulo uthenga udumphe mpanda. Chonsecho mkulu yemweyo galu akauwa pakati pa usiku amadzuka n'kutenga chibonga, chifukwa amamukhulupirira: galu wamkota sakandira pachabe.

Palinso za chipembedzo, ndipo a shehe muli pano mundikonza ndikakhota. Asilamu ambiri a kuno amatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene chimati malovu a galu ndi najisi, ndipo chiwiya chimene wanyambita chitsukidwe kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. N'chifukwa chake m'makomo ambiri a Chiyao galu sayandikira mkeka wopempherera, ndipo ena samuweta n'komwe. Koma Korani yomweyo, mu Surat al-Kahf, ikusimba za achinyamata amene anathawira kuphanga chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo galu wawo anali nawo, atagona pakhomo la phangalo. Palinso hadisi ya munthu amene anatunga madzi ndi nsapato yake kumwetsa galu waludzu, Mulungu n'kumukhululukira machimo. Akatolika a ku Balaka mukudziwanso kuti m'buku la Tobiti, mnyamata Tobiyasi ponyamuka ulendo wake wautali galu anamutsatira, ndipo pobwerera analinso naye. Onani pamene galu waikidwa m'nkhani zimenezi: pakhomo ndi panjira. Osati pabedi. Ndiwo malo ake kunonso, ndipo munthu wochokera kunja akaona mtunda umenewo amafulumira kunena kuti Amalawi sakonda agalu. Walakwitsa. Waona pamene galu wagona, sanaone amene amadzuka m'mawa kukayang'ana ngati wadya.

Vuto limaoneka galu akafa. Munthu akamwalira, mudzi wonse umadziwa chochita. Uthenga umapita kwa amfumu, masamba amaikidwa pamsewu, wanjinga amatsika n'kuyenda wapansi, amayi amalowa m'siwa, abambo amagona panja pamoto, adzukulu amalawirira kumanda, chipepeso chimalengezedwa ndi maina. Kwa Asilamu thupi limasambitsidwa, limakulungidwa m'sanda, limanyamulidwa pa jeneza mosachedwa, ndipo m'mabanja ambiri pamadzakhala sadaka pakatha masiku makumi anayi. Maliro n'kulirana, ndipo pa luso limeneli palibe angatiphunzitse. Koma galu akafa lamulo ndi limodzi: katayeni.

Taganizani m'mawa wina wa mwezi wa Ogasiti. Akuba anaponya nyama ya tameki usiku kuti adzalowe bwino m'khola. Mnyamata wa sitandade 6 atuluka ndi poto wa makoko, aimba likhweru, zii. Amupeza kuseri kwa bafa, thovu kukamwa, miyendo itauma, ntchentche zayamba kale. Ndi iyeyo amene anamutenga ali kamwana, kumubweretsa m'katoni pa njinga, kumuchotsa nkhupakupa m'makutu ndi zala zake. Bambo akuwerenga mbuzi zimene zatsala. Mayi akuti, “Mangani chingwe mumukokere kudambo asananunkhe.” Ndipo womukoka ndi mnyamata yemweyo. Akayerekeza kugwetsa msozi, azakhali amukalipira: “Ukulira galu? Ukufuna kutiitanira maliro pakhomo pano?” Amameza malovu n'kupita kusukulu. Katswiri wina wa za chisoni wa ku America, Kenneth Doka, analemba mu 1989 za chisoni chimene anthu okuzungulira sachivomereza, chimene mwini wake saloledwa kuchilira poyera. Anaona kuti chisoni chotere chimachedwa kupola chifukwa munthu amachisenza yekha. Mnyamata uja adzakula, adzakhala ndi banja, koma mukadzamufunsa dzina la galu ameneyo adzalitchula asanaphethire. Abambo muli munonso, ndikuona ena mwayang'ana pansi.

Ndinene mongodutsa kuti poizoni sasankha. Mimbulu imene African Parks inabweretsa ku Liwonde National Park mu 2021, itasowa m'dziko muno kwa zaka zambiri, inaswana, koma inafa 18 ndi poizoni mu Novembala 2022. Nkhani imeneyo inafika m'manyuzipepala a kunja. Agalu a m'midzi amene amafa imfa yomweyo chaka ndi chaka palibe amawawerenga.

Tsopano ndifike pa galu amene ndabwerera. Dzina lake Khamba.

Mu 2009 William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu, analemba pamodzi ndi Bryan Mealer buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu yake, yojambulidwa ku Kasungu komweko, iye mwini akusewera ngati bambo Trywell, Maxwell Simba wa ku Kenya ngati William, ndi Lily Banda wathu ngati mlongo wake Annie. Inde, Chichewa cha osewera ena chinatiseketsa, tinachikamba mokwanira pa Facebook, tisabwererenso. Dziko lonse linaonera filimuyo ngati nkhani ya mnyamata wanzeru amene anapanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga ndi zitsulo zakudzala. Koma onani chimene chimatembenuza nkhaniyo. William wapempha njinga ya bambo ake kuti aidule, bambo akana mwaukali, aphwanya kachitsanzo kake kakang'ono, amulamula kugwira khasu. Pakati pa bambo ndi mwana pagwa chidani. Kenaka Khamba, galu wa William, afa ndi njala. William amukwirira. Mayi ake, a Agnes, ayankhula ndi mwamuna wawo, ndipo ndi pambuyo pa imfa ya galuyo pamene bambo afewa n'kupereka njinga. Filimuyo ili ndi maliro a anthu, Gule Wamkulu akubwera kudzaperekeza, koma maliro amene amathyola mtima wa bambo wouma mutu ndi a galu, opanda siwa, opanda ng'oma, wolira mmodzi.

Khamba sanafe chifukwa cha nkhanza za munthu. Inu amene munalipo mu 2001 ndi 2002 mukukumbukira. Zokolola zinavuta, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, mizere ya ku ADMARC inkayamba usiku, ndipo mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Madeya, amene masiku onse ndi chakudya cha nkhuku, nkhumba ndi galu, anasanduka chakudya cha anthu, ogulitsidwa pamsika ndi kambale. Mabanja anayamba kudya kamodzi patsiku. Mbale ikamachepa, woyamba kuchotsedwa pa mndandanda ndi amene amadya zotsala, popeza zotsala kulibe. Nthiti za galu ndizo zimayamba kuulula za njala ya pakhomo, ana asanayambe kutupa mapazi. Wojambula wanzeru safunika kuonetsa nkhokwe yopanda kanthu kasanu. Aonetse galu wa mwezi wa Okutobala, aonetsenso galu yemweyo mu Febuluwale.

Koma pali chimene filimuyo inabisa, ndipo ndikufuna achinyamata mumve bwino. M'buku, William sanangomupeza Khamba atafa. Galuyo atafooka mpaka kumalephera kuima, anzake anamukakamiza kuti amuthetsere mavuto. William, mwana wa zaka 14, anamutenga kupita naye kutchire, n'kumumangirira ku mtengo, n'kuchoka. Atabwerera anamupeza atafa, ndipo anamukwirira. Ejiofor anachotsa chingwe chimenecho. Ndikumvetsa chifukwa chake. Oonera a ku London ndi ku Los Angeles amapirira kuona anthu mazana akufa pa kanema, koma mnyamata womangirira galu wake ku mtengo sangamukhululukire, ndipo filimuyo inkafuna kuti amukonde William mpaka kumapeto. Komabe ine ndikuti pamenepo filimu inataya choonadi chake chachikulu. Njala sikulanda zimene umakonda zokha ayi. Imakugwiritsa ntchito iwe mwini, ndi manja ako, kuti uzitaye. Mayi amene anagulitsa mbuzi yotsiriza pa mtengo wa nkhuku akudziwa zimenezi. Anthu a kuno ku Machinga amene zaka zaposachedwapa anafika pophika chitedze kuti ana agone atadya kanthu akudziwa zimenezi. Woonera wa ku Ntaja sakanamuweruza William. Akanangoti, “Zinalikodi.”

Opanga mafilimu ena kunjako analimba mtima pa nkhani yomweyi ya umphawi ndi galu. Umberto D. ya Vittorio De Sica, ya 1952, ikusimba za nkhalamba ya ku Rome imene penshoni yake siyikwanira lendi, ndipo ikuyesa kupeza woti imusiyire kagalu kake Flike. Mu Wendy and Lucy ya Kelly Reichardt, ya 2008, mtsikana wosauka amangidwa ataba chakudya cha galu m'sitolo, galuyo asowa, ndipo atamupeza akusungidwa pakhomo la munthu wopeza bwino, amusiya komweko n'kukwera sitima ya katundu. M'filimu yachiwiriyi mulibe nyimbo zokukakamizani kulira. Mafilimu awiriwa muwafunefune, ndi achibale enieni a Khamba kuposa Marley.

Imfa ina ya galu imene tikuidziwa kuno ndi ya chiwewe, ndipo filimu yake ndi yakale: Old Yeller ya Disney, ya 1957. Bambo wapita kutali kukagulitsa ng'ombe, wasiya mkazi ndi ana awiri pa munda ku Texas. Banja lotere ku Machinga sitichita kulifunafuna, kwathu bambo amakhala ali ku Joni. Mnyamata wamkulu, Travis, watsala ngati mwamuna wa pakhomo, ndipo galu wosokera amene poyamba ankamuda asanduka dzanja lake lamanja. Tsiku lina galuyo amenyana ndi m'mbulu wachiwewe poteteza banjalo, n'kulumidwa. Amutsekera m'nkhokwe ya chimanga kudikira kuti aone. Patapita masiku, galu uja ayamba kulusa kwa anthu amene ankawakonda, ndipo Travis atenga mfuti. I Am Legend ya Will Smith, ya 2007, imene munaionera m'mavidiyo, inabwereza chisoni chomwecho: munthu kupha ndi manja ake galu amene wangomupulumutsa.

Apa ndisiye kaye za kamera. Travis analibe chochitira chifukwa nkhani yake ndi ya m'ma 1860, ndipo Louis Pasteur anayesa katemera wa chiwewe pa munthu koyamba mu 1885. Ife tilibe chowiringula chotere. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka pa dziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ana omwe aja amene amagona pakhonde ndi galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Koma agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, matendawa amatha mphamvu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo ambiri amene ankabwera nawo pa chingwe cha linya kapena atawanyamula m'manja anali ana. Amene amati Amalawi sasamala agalu akadaona mizere imeneyo. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto. Musathire mankhwala azitsamba n'kumadikira.

Ndatsala ndi galu mmodzi. Mpaka pano takamba za munthu wolira galu. Uyu ndi galu wolira munthu. Hachikō anali galu wa Hidesaburō Ueno, mphunzitsi wa za ulimi pa yunivesite ya ku Tokyo, ndipo madzulo alionse ankakamuchingamira pa siteshoni ya sitima ya Shibuya. Mu Meyi 1925 mphunzitsiyo anagwa ali ku ntchito n'kumwalira. Galuyo anapitiriza kubwera pa siteshoni mpaka imfa yake mu Malichi 1935, pafupifupi zaka khumi. Ajapani anapanga filimu yake mu 1987, ndipo mu 2009 Lasse Hallström anaipanganso ku America, Richard Gere akusewera ngati mphunzitsi. Malo amene amagwetsa anthu misozi ndi pamene mkazi wamasiye abwerera m'tauniyo patatha zaka khumi, n'kupeza galu wa mwamuna wake, wokalamba, waubweya wothothoka, akudikirabe. Iye anasamuka, anagulitsa nyumba, anayesa kuiwala. Galuyo wamuchititsa manyazi ndi kumutonthoza nthawi imodzi.

Chimene filimu ya ku America siyikamba kwenikweni n'chakuti zaka zoyambirira anthu a pa siteshoni ya Shibuya sankamukonda Hachikō. Ankamupirikitsa ngati galu wosokera aliyense. Zinasintha nyuzipepala ina italemba za iye mu 1932, ndipo pofika 1934 anali atamuimikira chipilala iye akali moyo. Ena onyoza amati ankabwerera nyama yootcha imene ogulitsa ankamuponyera. Mwina n'zoona pang'ono, galu wa pa chiwaya cha tchipisi pa depoti ya Balaka angachitire umboni. Koma mfundo yanga ndi iyi: galuyo anali yemweyo mu 1926 ndi mu 1933. Chinasintha n'chakuti wina anasimba nkhani yake, ndipo anthu anayamba kuona chimene chinali pamaso pawo nthawi yonseyo.

Njanji tili nayo. Sitima ya anthu imadutsa pa Nkaya, pa Balaka, pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, ndipo ya malasha yochokera ku Moatize imagwedeza nyumba zathu popita ku Nacala. Anthu onyamuka osabwerera tilinso nawo, kungoti athu amakwera basi ya ku Joni. Ena amabwerera ndi malata ndi njinga yamoto, ena amabwerera m'bokosi, pa ngolo yokokedwa kumbuyo kwa galimoto. Maliro akatha, abale amakhala pansi kugawa katundu wa malemu: njinga kwa uyu, wailesi kwa uyo, jekete kwa mphwake. Ngati anali mkamwini, akwawo amanyamula zawo n'kubwerera kumudzi kwawo. Galu satchulidwa pa mndandanda. Amatsala ndi mayi wamasiye, amene mwina sankamufuna n'komwe, amene ankakangana ndi malemu chifukwa cha mazira amene galuyo ankaba. Anthu a m'siwa abalalika, kwaya yapita, ana abwerera kusukulu. Madzulo njinga ikalira belu kumsewu, awiri okha ndi amene amadzutsa mutu pakhomopo, mayiyo ndi galuyo. Kodi adzamuthamangitsa? Kodi adzayamba kumusiyira mkute? Adzamuitana dzina lija limene malemu anamupatsa pofuna kunyogodola apongozi? Imeneyo ndi filimu yathunthu. Siyifuna galimoto yophulika kapena nyumba ya mpanda ya ku Area 47. Ikufuna khonde limodzi, mayi mmodzi wodziwa kusewera osayankhula zambiri, ndi galu wa lokolo wozolowera anthu.

Mafilimu a Chimalawi akula. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto kuchokera ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake yotchedwa Lilongwe. Koma m'mafilimu ndi m'masewero athu ambiri galu akaoneka, ndiye kuti akuthamangitsa wakuba kapena chibwenzi chodumpha mpanda, kuti anthu aseke. Maliro nawonso timawajambula mofanana nthawi zonse: amayi kugubuduzika, nyimbo yachisoni kukwezedwa mpaka sipika kulira, ndiye basi tadutsa. Timajambula tsiku la maliro, sitijambula mwezi wachitatu. Ndipo n'zodabwitsa kuti izi zichitike kuno, ku Balaka kwa Alleluya Band imene yaimba kuyambira 1978, kwa Paul Banda, kwa malemu Lucius Banda amene tinamulira dziko lonse mu 2024, kumene kulinso Luntha TV ndi Andiamo. Oimba a kuno anaphunzira kalekale kuika chisoni cha munthu wamba m'nyimbo. Ojambula ndinu mwatsalira.

Choncho achinyamata, musakabwereke galu wachizungu wa ku Namiwawa kuti mumugoneke pa sofa, mukatero mujambula filimu ya eni ake. Jambulani wathuyu, pamene amakhaladi, pakhomo. Tsitsani kamera ifike pa msinkhu wake. Musamumenye kapena kumumana chakudya pofuna kuti aoneke wachisoni, mwamva kale kwa Kuleshov kuti chisoni mumachipanga polumikiza zithunzi. Ndipo nkhani yanu ikafika pa chingwe ndi mtengo, musachotse chingwecho.

Makolo, mwana akalira galu wake musamukalipire za malodza. Mpatseni khasu, mupite naye limodzi mukakumbe. Mafumu ndi aphunzitsi, pa 28 Seputembala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe pa dziko lonse. Musadikire kuti alangizi a ziweto akupezeni, pitani mukawafunse tsiku la katemera m'dera lanu, mulengeze ku mzikiti, ku tchalitchi ndi pa asembule, ndipo ana muwalole apite ndi agalu awo.